Mchere wa Otília

Tete, 11 de Fevereiro de 2024

Okondedwa amake Joaninha,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa amayi ndi wa onse pakhomopo. Ine ndinafika bwino Lachiwiri dzuwa likulowa. Shapa, minibasi ndinakwera ija, inaphulika tayala tisanafike pa Mussacama, ndiye tinakhala pansi pa mtengo maola atatu, aliyense akudzikupiza ndi chomwe anali nacho.

Ndakutchulani dzina lomwe ndakhala ndikukutchulani zaka zisanu zapitazi. Ndinakhala nthawi yaitali cholembera chili m'manja, ndikuganiza ngati nkoyenera kulisiya. Sindinathe. Mwana tamuika m'manda, koma amake ndinu ndithu.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni sizikutheka. Foniyo ndi ya alongo anu, ndipo ndikaimba ndimamva anthu akupuma kumbuyo kwanu. Makalata ndizipatsira woyendetsa shapa ya Lolemba, iye azisiya pa baraka, kagolosale kaja ka pamsika wa Domwe. Muzikafunsa pamenepo.

Ntchito ndayamba. Apatarau, abwana anga, anandigwira dzanja, anati pepani, kenako anandilozera mulu wa mapepala. Sukulu zatsegulira kumene, choncho mu papelariya mwathu, mojambulira makope muja, mukudzaza makolo, aliyense akufuna kope ya chikalata cha kubadwa kwa mwana wake. Lachinayi kunabwera mayi wina ndi chikalata cha kamtsikana kobadwa mwezi umodzi ndi wathu, kakuyamba kalasi yoyamba. Ndinamujambulira makope awiri monga anapempha, ndinamufunira zabwino, ndipo atatuluka ndinapita kuseri kukasamba kumaso. Pobwerera ndinapeza anthu asanu akudikira.

Mu envelopemu ndaikamo kangachepe. Mugule mankhwala opopera kachewere masamba asanapse, zotsalazo sopo ndi mafuta. Kuno ufa wakwera, anthu akuti mvula yadula paliponse. Zovala za mwana musafulumire kugawa, ngakhale anthu akuuzeni kuti zikukulizani. Mudzagawa tsiku lomwe mudzafune inu.

Kuno kukutentha monga mwa masiku onse. Nsapato zayamba kundithina madzulo. Dona Gertrudes, eni nyumba ino ya ku Canongola, akuti chibadwire sanaonepo munthu wochokera ku maliro atanenepa, ndiye kuti kwanuko mumadyetsa bwino alendo.

Chimodzi chokha chandikhala pamtima. Tsiku lomaliza lija, titameta, munandiphikira nkhuku, ine n'kuisiya osaikhudza, n'kupempha kuti mundipatulire masamba osathira mchere. Ndinaona kuti zinakupwetekani. Musaganize kuti ndinanyoza kuphika kwanu. Pali chifukwa chake chaching'ono, ndidzakuuzani mtima wanu ukakhalako pansi.

Muzidya, ngakhale pang'ono.

Ndine mwamuna wanu,
Fabião

Tete, 3 de Março de 2024

Amake Joaninha,

Ndikhulupirira m'thupi muli bwino. Ine ndilipo. Masabata atatu woyendetsa shapa wakhala akundipukusira mutu ndisanamufunse n'komwe, ine n'kumadziuza kuti mtima wanu sunafike polemba. Dzulo ndamva chifukwa chenicheni.

Anandiimbira foni amalume anu a Arlindo. Za moyo sanandifunse. Anati, “Akamwini, munakana mchere wa mwana wathu azakhali ake akuona, patangotha sabata chiikire mwana wotupa nkhope. Tiuzeni poyera. Mukuti anadula mwanayo ndi iye?”

Ndinakhala pansi pomwepo, pakhonde la papelariya. Otília, ine amene anthu amati ndinadya mabuku, ndinaiwala chomwe mwana aliyense wa kwathu amadziwa: kuti mwamuna wobwera ku ulendo akakana mchere wa m'manja mwa mkazi wake, akunena kuti mkaziyo anayenda ndi wina, ndipo mchere wake ndi wodula. Tsiku limenelo m'mutu mwanga munalibe za mdulo. Munali mawu a kuchipatala okhaokha.

Nazi zomwe ndinakubisirani. Mwezi wa Outubro ndinagwa pantchito, pafupi ndi makina ojambulira. Ananditengera kuchipatala, ndipo anapeza kuti ndili ndi tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, kokwera kwambiri moti anandiyeza katatu poganiza kuti choyezeracho chafa. Anandipatsa mapiritsi awiri oti ndizimwa m'mawa uliwonse moyo wanga wonse, ndipo anandiletsa mchere. Nthawi imeneyo Joaninha anali atayamba kudwaladwala. Ndinaona kuti katundu munali naye kale wokwanira, ndinakhala chete. Pa maliro ndinadya chilichonse chomwe ankandipatsa, miyendo n'kuyamba kutupa, ndiye tsiku lomalizalo ndinachita mantha. Ndi zokhazo. Ndikadakuuzani mu Outubro, bwenzi inu nomwe mutandipatulira masambawo ndisanapemphe, azakhali osaona kanthu.

Sindinakuganizireni choipa ngakhale tsiku limodzi pa zaka khumi ndi zinayi zomwe takhala limodzi. Mwana wathu anafa ndi malungo. Magazi anamuthera, n'chifukwa chake nkhope ndi mapazi zinatupa. Adotolo anakuuzani inu nomwe ine ndisanafike. Kuno ophunzira unamwino amabweretsa zolemba zawo kuti ndiwajambulire, ine ndimawerenga tsamba lililonse likamatuluka m'makina, ndipo zomwe ananena adotolozo zilimo ndithu.

Amalume ndinayesa kuwafotokozera, koma foni inatha mphamvu ndili pakati. Ndajambula khadi langa la kuchipatala, mbali zonse ziwiri, lili m'kalata muno. Tsiku la Outubro likuoneka bwino pamwamba. Mupite nalo kwa amalume, aphunzitsi a pasukulu akawawerengere Chipwitikizicho.

Ndinakulakwirani kawiri, pobisa ndi popempha. Mundilembere, ngakhale mawu okalipa.

Fabião

Tete, 24 de Março de 2024

Okondedwa Otília,

Moni kwa inu ndi kwa amayi. Ndamva kuti amayi chifuwa chawavutanso, muwagulire uchi pamsika. Ine ndikuyenda.

Yanu sinafikebe, koma amalume anaimbanso. Khadi analiona, aphunzitsi anawawerengera. Akuti sakutsutsa kuti ndikudwala. Akuti chipatala chapereka dzina la matendawo, koma miyendo yotupa ya mwamuna wa ku ulendo imadziwika kuyambira kale, ndipo pakhomo pamene mwana watupa, bambo n'kutupanso, wina mwa akulu awiriwo ali ndi mlandu. Ndiye pepala lomwe ndimati likuyeretsani lawonjezera nkhuni pamoto. Sindikuwakwiyira. Mdzukulu wawo wafa, akufuna pogwira.

Ndaganiza chonchi: ndikachira iwo akuona, popanda mankhwala a mdulo, nkhaniyi idzazima yokha. Choncho ndagwira ntchito ya thupi langa ndi manja awiri. Kuchipatala kuli anamwino a Virgínia, a ku Tsangano, amene timalankhulana chinenero chathu. Anandiuza kuti, “Bambo Fabião, ife timakuonani mphindi khumi pa mwezi. Masiku ena onsewo dotolo ndinu.” Mawuwa ndinawalemba n'kuwamata pachitseko.

Mapiritsi ndimamwa ndisanasambe, sindinadumphepo. Ndimadzuka kusanatenthe n'kuyenda wapansi mpaka pamlatho, n'kuima pang'ono kuonerera Zambezi, kenako kuntchito ku Francisco Manyanga. Nsomba za chikowa, zouma zamchere zija ndinkakubweretserani, ndinasiya. Kanyenya wa mbuzi wa Loweruka ndinasiya. Timabulu tokometsera ndiwo ndinapatsa a Dona. Ndimaphika ndekha nyemba ndi therere, n'kufinyiramo ndimu kuti lilime linamizike. Dona Gertrudes anabwera kudzalawa, anatafuna nthawi yaitali, kenako anati mphaka wawo akandibera ndiwo zimenezi ndidzamulipire mphakayo. Akuti munthu wosadya munyu, ndiwo mchere m'Chinyungwe chawo, angakhale zaka zana, koma zidzamutalikira ngati mazana awiri.

Lachisanu lililonse ndimadutsa pa farmasiya, pogulitsira mankhwala paja, kukayezetsa. Manambala atsikako. Miyendo ndiyo ikuchedwa kumva, koma akuti za thupi sizithamanga. Anditenga magazi ndi mkodzo kuti akaone zina, zotsatira mwezi wamawa.

Kachewere munapopera? Mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale wina abwere ndi mtengo wabwino, ili ndi bere. Denga la khitchini lidikire ndibwere.

Usiku wa Lachitatu ndinalota Joaninha akundifunsa kuti sukulu ndi kutali bwanji. Basi, ndisapitirize.

Wanu,
Fabião

Tete, 28 de Abril de 2024

Otília mkazi wanga,

Kalata yanu inafika Lolemba. Zikomo. Ndi mizere isanu ndi iwiri, ndaiwerenga mpaka pepala lafewa m'mapindo.

Mwati mukundikhulupirira, ndipo za matendawo munayenera kuziona nokha pamene ndinkavutika kuvala nsapato. Ayi, musadziikenso mlandu wina. Koma zinazo sindinkazidziwa. Sindinkadziwa kuti pa chikondwerero cha Pasaka amayi a mpingo anakulandani mbale ya mchere n'kukutumani kukatunga madzi. Sindinkadziwa kuti azilamu anu akuletsa ana awo kudya kwanu, ndi kuti amayi, amayi anu okuberekani, amathira okha mchere mumphika womwe mwaphika inu. Mwalemba kuti, “Mwana ndinamubereka ndekha, ndinamudwazika ndekha, tsopano akuti ndinamupha ndekha.” Nditafika pamenepo ndinatseka makina, ndinauza apatarau kuti atentha.

Ine kuno ndimadandaula za nyemba zosakoma, inu mukudya zimenezo tsiku ndi tsiku.

Mwafunsa za thupi langa ndipo mwati ndisabisenso. Zotsatira zinabwera. Tensau yatsika ndithu, anamwino anandiyamikira, akuti odwala onse akadakhala ngati ine bwenzi iwo akuweruka masana. Koma akuti impso zatopa. Magazi othamanga aja anakhala akuzimenya zaka zambiri ine osadziwa. Ndinafunsa ngati zimabwerera mwakale. Adotolo anayang'ana pepala, anati zomwe ndikuchitazi zimachedwetsa. Ndinafunsanso, anabwereza mawu omwewo. M'zolemba za ophunzira aja ndinapeza tsamba lake. Ndinaliwerenga kamodzi, sindinalibwereze.

Ndiye kuchira koti amalume aone ndi maso kuja mwina kuchedwa. Awonjezera piritsi lachitatu, lochotsa madzi. Ndikuyendabe m'mawa, ngakhale masiku ena ndimabwerera ndisanafike pamlatho. Musade nkhawa kwambiri, alipo anthu amene akhala nazo zaka.

Chimanga chomwe chapulumuka mukolole msanga, musagulitse ngakhale chitini chimodzi, chaka chino ndi cha njala. Nyemba musunge m'chigubu chotseka. Ndatumiza chitenje chobiriwira ndi paketi ya tiyi. Chitenjecho muvale popita kutchalitchi, ndipo mukanene kuti chachokera kwa ine. Aone kuti mwamuna wokayikira mkazi wake satumiza chitenje.

Ndikuganiza chochita. Mundipatse nthawi pang'ono.

Fabião

Tete, 9 de Junho de 2024

Okondedwa Otília,

Ndikhulupirira kuzizira kwa kwathuko sikunakudwalitseni. Kuno ndi nyengo yokhayi imene munthu amagona osatuluka thukuta. Masawu ayamba kupsa, msika wonse ukununkhira.

Pepani ndakhala chete mwezi wathunthu. Ndimakambirana ndi amalume, ndipo sindinafune kukulemberani zinthu zosapsa. Tsopano zamveka. Akuti ndibwere, ankhoswe a mbali zonse akhale pansi, inu muphike, muthire mchere onse akuona, ine ndidye. Kenako ndimwe mankhwala a mdulo masiku atatu kwa asing'anga omwe iwo awapeza, ndipo masiku amenewo mapiritsi ndisiye, chifukwa akuti ziwirizi siziyenda njira imodzi. Zikatero nkhani yatha, palibenso wokulozani chala.

Ndinapempha kuti ndidye kokha, zitsambazo zikhale. Anati mlandu suweruzidwa theka, ndipo wokana mankhwala ndiye kuti akudziwa kanthu.

Lachinayi ndinawauza anamwino a Virgínia zonse, osabisa. Sanandiseke, za mdulo akuzidziwa, anakulira momwemo. Anati mbale imodzi ya ndiwo zamchere siingandiphe. Koma zitsamba zomwe palibe akudziwa mphamvu yake, pa impso zotopa chonchi, n'kusiyanso mapiritsi, anati zimenezo ndi kukankha khoma lomwe laweramira kale. Anandipempha kuti ndibwere nanu kuno, mudzakhale nane, a kumudzi atsale ndi nkhani zawo. Ndinaganizira. Koma mukachoka pano mlandu uli chiimire, adzati mwathawa. Munda wanu, amayi anu, manda a mwana, zonse zili komweko. Sindingakuzuleni kuti mudzakhale m'chipinda chimodzi ndi munthu wodwala, dzina lanu litatsala m'matope.

Miyezi isanu ndi itatu ndasamala thupi ili ngati dzira. Ndawerenga zonse zomwe ndikanatha kuwerenga, ndipo sindinapeze tsamba lonena chochita pamene chochiritsa mwamuna ndi chomwe chikupha mkazi wake. Anamwino anati dotolo ndine. Chabwino, dotoloyo waganiza. Masiku atatu si ambiri.

Ndifika Loweruka pa 22. Apatarau andipatsa sabata imodzi. Musaphe nkhuku, nyemba zikwana. Ndipo musachepetse mchere pondimvera chisoni, azakhali adzalawa. Muthire monga mumathirira kale.

Ndine wanu,
Fabião

Tete, 14 de Julho de 2024

Otília,

Ndinafika. Muli bwanji inu ndi amayi? Kalatayi ikhala yaifupi, dzanja likutopa msanga.

Ndikamatseka maso ndimaona dzanja lanu likuthira mchere mumphika, anthu onse aja akuyang'ana. Ndinadya mpaka kupukuta mbale, ndipo sindinachite kudzikakamiza, zinali zokoma kuposa chilichonse chomwe ndadya chaka chino. Koma chomwe ndasunga kwambiri ndi cha m'mawa mwake, pamene azilamu anu anatumiza mbale kudzapempha ndiwo, inu n'kundiyang'ana. Munaseka pang'ono. Chiikire mwana ndinali ndisanakuoneni mukuseka.

Musadzivute ndi zoti masiku atatu aja anasanduka asanu ndi anayi. Asing'anga anati kutupa sikunatsike, amalume anasunga mapiritsi m'thumba la jekete lawo, inu mukanatani? Munandinong'oneza kuti ndizitaya mankhwalawo kuseri kwa nkhokwe. Ndinakana ndine. Akanandigwira kamodzi kokha, zonse zikanabwerera pa inu.

Apatarau sanakondwe ndi kuchedwa kwanga, koma sanandichotse. Ndikugwira mpaka masana, nditakhala pampando. Kuyenda kwa m'mawa ndayamba ndasiya. Mapiritsi ndinayambiranso tsiku lomwe ndinakwera shapa. Anamwino atandiona sanakalipe. Anadina mwendo wanga ndi chala, dzenje linatsala, tonse awiri tinaliyang'ana. Kenako anapita kukaitana adotolo.

Chakudya sichikulowa bwino, m'kamwa mukumveka ngati ndatafuna chitsulo. Dona Gertrudes akundiphikira phala la malambe, akuti pa lendi yomweyo ndapeza nyumba, mayi ndi wantchito.

Pempho limodzi. Aliyense akafunsa, munene kuti ndili bwino, kutupa kwatsika, ndikugwira ntchito. Ngakhale kwa amayi munene choncho. Mukudziwa chifukwa chake.

Mbuzi yaswa angati?

Fabião

Tete, 25 de Agosto de 2024

Okondedwa amake Joaninha,

Ndikhulupirira muli bwino. Makalata anu awiri anandipeza ndili m'chipatala, a Dona ndiwo anandibweretsera. Ndinagonamo masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, anditulutsa Lachitatu. Anandisamala bwino. Madzi anachotsako, ndikupuma bwinoko, ndikutha kukhala tsonga n'kulemba, kungoti ndizipumira.

Ndinalonjeza kusabisa. Impso zatsala pang'ono kuima. Akuti chomwe chingandithandize ndi makina otsuka magazi, kangapo pa sabata, mpaka kalekale, ndipo andilembera kalata ya ku Beira. Oyembekezera ndi ambiri. Ngakhale atandiitana mawa, ku Beira ndilibe wachibale, ndipo pa makina a ku papelariya aikapo kale munthu wina. Kalatayo ndasunga. Madzi akumwa andipimira, botolo limodzi laling'ono pa tsiku, m'Tete muno.

Pali chinthu chomwe ndikufuna muchidziwe bwino. Simunandidule. Amalume sanandiphe, ngakhale asing'anga aja. Zitsamba zinangofulumizitsa, ndipo ndinamwa ndikudziwa. Matendawa ndi akale. Zaka khumi mutu unkandiwawa kumbuyoku, ine n'kumagula timapiritsi pa baraka, n'kumati ndi dzuwa. Pa farmasiya yomwe amayeza tensau ndinkadutsapo kawiri pa tsiku, buku lili m'khwapa. Ndinayamba kudzisamala nyumba itapsa kale mbali imodzi. Inu musatero. Mupite kuchipatala cha kwathuko akakuyezeni, mutenge ndi amayi. Sizipweteka, amangomanga mkono.

Tsopano nkhani yomwe ndalembera. Lachisanu woyendetsa shapa anabwera yekha kuno kudzasiya ufa munatumiza uja, ndipo anandiona. Anayesa kubisa nkhope koma ndinaona. Ndi munthu wabwino, koma pakamwa pake ndi pa msika. Sabata ino isanathe, Domwe yense adziwa kuti Fabião anadya mchere wa mkazi wake pamaso pa ankhoswe, n'kubwerera ku Tete kukatupa mpaka kumaso. Mukudziwa chomwe adzanene. Poyamba ankangokukayikirani. Tsopano adzati aona umboni, ndipo ine sindidzakhalapo kuti ndidyenso mbale ina.

Amalume anati wina mwa akulu awiri ali ndi mlandu. Sadzapuma mpaka atamupeza. Ndiye ndawapatsa.

Mu envelopemu muli mapepala awiri. Lopinda kanayilo ndi la amalume. M'menemo ndavomera kuti kuyambira chaka chatha ndinali ndi mkazi kuno, dzina lake Deolinda, kuti ndinabwera kwathu pa Khirisimasi osadzikonza, n'kudya mbale imodzi ndi mwana, ndipo pokana mchere wanu ndinkafuna kukankhira mlandu kwa inu. Ndalemba kuti mankhwala sanandigwire chifukwa ndinanama pamaso pa ankhoswe. Ndasaina, ndipo ndapempha kuti liwerengedwe anthu onse ali pomwepo.

Otília, kulibe Deolinda. Sanakhaleko. Ndinavutika ngakhale kupeza dzinalo. Dona Gertrudes, amene ndinawauza zonse chifukwa ndiwo anandigulira mapepala, anati, “Lembani ine. Zaka makumi atatu palibe wandinamizirapo mwamuna, mwina ndingatchukeko.” Tinaseka mpaka ndinatsokomola. Kenako anatuluka panja, anakhalako nthawi.

Ndikudziwa kuti mukana. Mudzati dzina langa, abale anga, ndi zoti anthu azidzati ndinapha mwana wanga. Ndaziganizira zonsezo masiku khumi ndi asanu ndi limodzi ndikuyang'ana denga. Dzina langa ndiligwiritsa ntchito nthawi yochepa. Lanu mukhala nalo zaka zambiri, pamudzi pomwepo, pakati pa anthu omwewo, ndipo mukadali wamng'ono woti n'kudzakhalanso ndi pakhomo. Joaninha akudziwa zoona. Inu mukudziwa. Zandikwanira.

Kalata inoyi mukawerenga muiponye pamoto, musaisunge m'sutikesi monga mumachitira ndi zinazi.

Mwalemba kuti mukufuna kubwera kudzandidwazika. Palibe chomwe ndikufuna kuposa chimenecho. Koma musabwere msanga. Mkazi amene wamva zotere za mwamuna wake sakwera shapa m'mawa mwake, azakhali angadabwe. Mulire, mukwiye anthu akuona, munditukwane pachitsime ngati mungathe. Papite masabata awiri. Kenako munene kuti a mpingo akuumirizani kukhululuka, mubwere. Mukatsika mufunse njira ya ku Canongola, nyumba ya a Dona ili ndi chitseko chobiriwira, aliyense akulozerani.

Ndinawafunsa anamwino a Virgínia ngati masabata awiri ndili nawo. Anakonza pilo, anati ndizimwa mankhwala pa nthawi yake. Ndikumwa.

Ndine mwamuna wanu,
Fabião